Pamene bakitilimu anayamba kulephera: mbiri ya tizilombo tosamva mankhwala m'njira ya mkodzo

Mayi wa ku Nachisaka akayamba kumva kuotcha pokodza, akamapita kuchimbudzi pafupipafupi koma mkodzo n'kumatuluka wochepa, ulendo wake umadziwika. Ena amayamba agula makapusozi awiri kapena atatu pagolosale. Zikapanda kusintha amatsika phiri kupita kuchipatala chaching'ono, komwe amalandira mapiritsi a masiku angapo. Ambiri amachira. Koma alipo ena amene amabwerera thupi likutentha, akunjenjemera, m'mbali mwa msana mukupweteka, zomwe zimasonyeza kuti tizilombo tafika ku impso. Otere amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi, ndipo matenda akakula amakathera ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Paliponse pamene wodwalayu waima amapatsidwa mankhwala amphamvu kuposa oyamba aja. M'zaka 20 zapitazi kwaoneka kuti ngakhale mankhwala otsiriza pa ulendowu ayamba kulephera. Kuti zimveke mmene zinafikira pamenepa, m'pofunika kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100.

Zipatala zoyamba, maantibayotiki asanabwere

M'chaka cha 1889 amishoni a Dutch Reformed Church, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ku Mvera m'dera la mfumu Chiwere. Ntchito yothandiza odwala inayambira kumeneko, kenako inakhazikika ku Nkhoma, komwe chipatala chinatsegulidwa mu 1915. Madokotala ndi anamwino a nthawi imeneyo ankatsuka zilonda, kuchita maopaleshoni ndi kupereka kwinini wa malungo. Pa matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala amene analipo ankangothandiza pang'ono. Tizilombo tikakwera ku impso n'kulowa m'magazi, chotsala chinali kumwetsa wodwala madzi ambiri ndi kudikira kuti thupi lilimbane lokha.

Tizilombo toyambitsa vutoli tinali titadziwika kale. Mu 1885 dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anapeza mabakiteriya ena m'chimbudzi cha makanda, ndipo pambuyo pake anatchedwa dzina lake: Escherichia coli, mwachidule E. coli. Tizilomboti timakhala m'matumbo mwa munthu aliyense popanda vuto. Tikachoka kumeneko n'kulowa m'njira ya mkodzo m'pamene timadwalitsa. Mwa anthu 10 alionse amene adwala matendawa ali kunyumba, pafupifupi 8 amakhala kuti yawadwalitsa ndi E. coli. Amayi ndi amene amadwala kwambiri chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene ya abambo imafika pafupifupi masentimita 20.

Zinthu zinasintha kuyambira mu 1935, pamene Gerhard Domagk anafalitsa zotsatira za mankhwala oyamba a gulu la sulfa. Penisilini, amene Alexander Fleming anamutulukira ku London mu 1928, anayamba kuperekedwa kwa odwala ku Oxford mu 1941, koma pa E. coli sankagwira bwino. Mankhwala othandizadi njira ya mkodzo anabwera motsatizana: nitrofurantoin mu 1953, ampicillin mu 1961, cotrimoxazole amene anthu amamudziwa kuti bakitilimu kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi amoxicillin mu 1972. Ceftriaxone anatuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ciprofloxacin anatsatira mu 1987.

Njira yopimira nayo inakhazikika m'zaka zomwezo. Mu 1956 Edward Kass wa ku Boston anasonyeza kuti kuwerenga tizilombo tomera kuchokera mumkodzo kumathandiza kusiyanitsa matenda enieni ndi mkodzo umene wangoipitsidwa potunga. Malire amene anaika ndi tizilombo 100,000 pa mililita imodzi. Kass yemweyo anaonetsanso kuti amayi oyembekezera amene ali ndi tizilombo mumkodzo, ngakhale asakumva kupweteka, akapatsidwa mankhwala amapewa matenda a impso.

Mmene tizilombo tinayankhira

Mu 1940, penisilini asanaperekedwe kwa anthu ambiri, Edward Abraham ndi Ernst Chain anapeza kuti E. coli imapanga chinthu chimene chimaphwanya penisiliniyo. Polandira mphoto ya Nobel mu Disembala 1945, Fleming anachenjeza kuti munthu akamwa mlingo wochepa wosatha kupha tizilombo tonse, totsalato timazolowera mankhwalawo.

Chimene sichinkadziwika ndi chakuti tizilombo timagawana luso limeneli. Ofufuza a ku Japan, poona miliri ya kamwazi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anapeza kuti tizilombo ta Shigella ndi ta E. coli timapatsirana mphamvu yokana mankhwala angapo nthawi imodzi. Malangizo ake amakhala pa timizere ta DNA totchedwa plasmid, timene timachoka mu bakiteriya wina kulowa mwa wina, monga mmene alimi oyandikana minda amagawanirana mbewu. Choncho bakiteriya amene sanakumanepo ndi mankhwala atha kukhala wosamva mankhwalawo pongolandira kwa mnzake m'matumbo.

Mu 1965 kunafalitsidwa za TEM-1, chida chophwanya ampicillin chimene chinapezeka mu E. coli ya wodwala wina ku Athens, patangopita zaka zochepa ampicillin atayamba kugulitsidwa. Makampani anayankha popanga mankhwala atsopano a gulu la ceftriaxone. Pofika mu 1983, ku Germany kunapezeka tizilombo tophwanya amenewanso. Zida zoterezi zimatchedwa ESBL. Mtundu wina wa ESBL, CTX-M-15, unapezeka koyamba mu tizilombo ta odwala a ku New Delhi mu 1999, ndipo m'zaka 10 zotsatira unafalikira padziko lonse, kuphatikizapo Malawi. Plasmid yonyamula ESBL kawirikawiri imanyamulanso mphamvu yokana bakitilimu ndi gentamicin, ndipo tizilombo take nthawi zambiri sitimvanso ciprofloxacin.

Edzi, bakitilimu ndi labotale ya ku Queens

Mbiri ya vutoli m'Malawi ndi yolukana ndi mbiri ya Edzi. Wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 mawodi anali odzaza ndi achikulire otentha thupi omwe chitetezo chawo chinali chitatsika. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 1995 kunayamba mgwirizano wa kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome Trust. Kuyambira mu 1998, pachipatala cha Queen Elizabeth Central anayamba kumeretsa tizilombo ta m'magazi a odwala otentha thupi tsiku ndi tsiku ndi kusunga zotsatira. Ndi zipatala zochepa mu Africa zimene zili ndi kaundula wautali chotere.

Chenjezo loyamba linabwera ndi tizilombo ta Salmonella. Pakati pa 2001 ndi 2002, mtundu umene unkapha anthu ambiri okhala ndi HIV unasiya kumva chloramphenicol, utasiya kale kumva ampicillin ndi bakitilimu. Madokotala anasamukira ku ciprofloxacin.

M'zaka zomwezo bakitilimu anapatsidwa ntchito ina. Kafukufuku wa ku Abidjan, wofalitsidwa mu 1999, anaonetsa kuti kumwa bakitilimu tsiku ndi tsiku kumateteza anthu okhala ndi HIV ku matenda oopsa ndi imfa. Ku Thyolo, bungwe la Médecins Sans Frontières ndi chipatala cha boma anayesa njirayi pa odwala TB, ndipo imfa zinachepa. Ma ARV aulere anayamba mu Juni 2004, ndipo mu 2005 boma linakulitsa ndondomeko ya bakitilimu kuti ifikire anthu ambiri okhala ndi HIV. Ndondomekoyi yapulumutsa miyoyo yambiri ndipo ikufunikabe. Komabe ofufuza a ku Thyolo omwewo anaona kuti mwa anthu omwa bakitilimu tsiku lililonse, E. coli ya m'matumbo yosamva mankhwalawa inachuluka m'miyezi yochepa. Phunziro lake ndi lakuti munthu amene ali kale pa bakitilimu akadwala chikhodzodzo, bakitilimu si mankhwala omuchizira.

Zaka za ceftriaxone

Cha m'ma 2005 ceftriaxone anayamba kupezeka mokwanira m'zipatala zazikulu za boma. Anali ndi zabwino zoonekeratu: jakisoni mmodzi patsiku m'wodi momwe anamwino ndi ochepa, mtengo wotsika, ndi mphamvu pa chibayo, matenda oumitsa khosi ndi matenda a impso. Posakhalitsa anakhala mankhwala operekedwa kwa pafupifupi aliyense wogonekedwa thupi likutentha.

Zotsatira zake zinaoneka mu kafukufuku wa Patrick Musicha ndi anzake, wofalitsidwa mu 2017, amene anaunika magazi opimidwa ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016. Mwa mabotolo 194,539, tizilombo toyambitsa matenda tinamera mu 29,183. Nkhani yabwino inali yakuti matenda a m'magazi anatsika kwambiri m'zaka zimenezi, pamene ma ARV ndi akatemera atsopano ankafalikira. Nkhani yodetsa nkhawa inali pa tizilombo totsalato. Pakati pa 2003 ndi 2016, E. coli yokhala ndi ESBL inakwera kuchoka pa 0.7 kufika pa 30.3 peresenti. Pa Klebsiella chiwerengero chinachoka pa 11.8 kufika pa 90.5 peresenti. E. coli yosamva ciprofloxacin inachoka pa 2.5 kufika pa 31.1 peresenti, ndipo Klebsiella yotere inachoka pa 1.7 kufika pa 70.2 peresenti.

Ziwerengerozi ndi za m'magazi, koma zikukhudza mkodzo mwachindunji. Njira ya mkodzo ndi khomo lalikulu limene E. coli imalowera m'magazi, ndipo E. coli ndi Klebsiella ndi tizilombo tiwiri timene timapezeka kwambiri mumkodzo wa odwala ogonekedwa. Kafukufuku wotsatira pachipatala chomwecho, wotsogoleredwa ndi Rebecca Lester, anapeza kuti odwala okhala ndi tizilombo tosamva ceftriaxone m'magazi ankakhalitsa m'chipatala ndipo ankamwalira mochuluka kuposa anzawo.

Kapaipi ka mkodzo, wodi ndi khomo

M'wodi, njira yachidule yolowera tizilombo m'chikhodzodzo ndi kapaipi kotulutsira mkodzo, kamene achipatala amakatcha catheter. Kapaipi kokhala ndi kabaluni kokagwira m'chikhodzodzo kanapangidwa ndi Frederic Foley wa ku America m'ma 1930. Poyamba mkodzo unkatsikira m'botolo lotsegula, ndipo pafupifupi wodwala aliyense ankakhala ndi tizilombo pakatha masiku anayi. Mu 1966 Calvin Kunin anaonetsa kuti thumba lotseka, losalumikizulidwa mwachisawawa, limachedwetsa vutoli kwambiri. Ngakhale zili choncho, tsiku lililonse limene kapaipi kakhala, odwala 3 mpaka 7 mwa 100 alionse amatenga tizilombo, ndipo pakatha mwezi pafupifupi onse amakhala nato. N'chifukwa chake funso lofunika pozungulira m'wodi m'mawa uliwonse ndi lakuti kodi kapaipika kakufunikabe. Vutoli limafikanso kumudzi. Abambo achikulire amene prostate yatupa n'kutseka njira ya mkodzo amabwerera kwawo ndi kapaipi kwa masabata ambiri podikira opaleshoni, ndipo owasamalira ndi achibale. Gadiyani akapanda kuuzidwa kuti thumba lizikhala m'munsi mwa chikhodzodzo koma losagunda pansi, ndi kuti azisamba m'manja ndi sopo asanakhuthule ndiponso akakhuthula, tizilombo timapeza njira.

Joseph Lewis ndi anzake anatsatira odwala a ku Queens kuyambira 2017 kuti aone zochitika m'matumbo mwawo. Mwa ogonekedwa ndi matenda aakulu amene analandira maantibayotiki, pafupifupi theka anali kale ndi tizilombo ta ESBL tsiku lofika. Patatha sabata imodzi anali oposa atatu mwa anayi alionse, ndipo ambiri anapita nato kwawo. Mankhwala amapha tizilombo tomva n'kusiyira malo tosamvato kuti tichulukane.

Kafukufuku wina, wa gulu la DRUM, anachitika m'mabanja 300 a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa mu 2019 ndi 2020. Tizilombo ta ESBL tinapezeka mu pafupifupi 42 peresenti ya chimbudzi cha anthu chimene chinapimidwa, 30 peresenti ya ndowe ndi zitosi za ziweto, ndi 66 peresenti ya madzi a m'mitsinje. M'nyengo ya dzinja tinkapezeka kwambiri. Izi zinasintha kamvedwe ka vutoli. Munthu amene sanagonepo m'chipatala atha kukhala ndi E. coli yosamva ceftriaxone, ataitenga m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. M'dera lamapiri ngati Nachisaka, komwe mvula imakokolola zonse za kumtunda kupita m'mitsinje ndi m'madimba, chimbudzi chabwino, mjigo wogwira ntchito ndi mpondagiya wokhala ndi sopo zimateteza mankhwala a m'chipatala.

Si kuotcha kulikonse kumene kufuna antibayotiki

Zipatala zing'onozing'ono zilibe zipangizo zomeretsera tizilombo, ndipo ngakhale komwe zilipo zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu. Choncho odwala ambiri amalandira mankhwala potengera zizindikiro. Apa m'pamene maantibayotiki ambiri amaonongekera. Magazi otuluka kumapeto kwa kukodza, makamaka mwa ana a sukulu osambira m'mitsinje ndi m'madamu, kawirikawiri amakhala likodzo. Nyongolotsi zake zinapezedwa ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Mnyamata womva kuotcha pokodza ndi kutuluka mafinya amafunika kuunikidwa za chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, pamodzi ndi mnzake. Mayi wodandaula za mauka, kuyabwa ndi chikazi chosintha, vuto lake nthawi zambiri silili m'chikhodzodzo. Mkodzo wakuda kapena wonunkha wopanda chizindikiro china umatha kungosonyeza kuti munthu sakumwa madzi okwanira.

Palinso anthu, makamaka okalamba ndi okhala ndi kapaipi, amene mkodzo wawo uli ndi tizilombo koma sakudwala. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti kuwapatsa mankhwala sikuwathandiza, kumangolera tizilombo tosamva. Osiyana nawo ndi amayi oyembekezera ndi anthu okachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo, amene amafunika mankhwala ngakhale alibe zizindikiro. N'chifukwa chake kupima mkodzo kusikelo ya amayi oyembekezera sikuyenera kudumphidwa.

Mankhwala otsiriza ndi yankho la boma

Tizilombo ta ESBL tikalowa m'magazi, mankhwala odalirika amakhala meropenem kapena amikacin, amene ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Awanso ali pachiopsezo. Mu 2008, munthu wina wokhala ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi anadwala matenda a njira ya mkodzo, ndipo Klebsiella yake inapezeka ndi chida chophwanya meropenem. Chidacho chinatchedwa NDM-1. Pofika 2020 ofufuza anali atalengeza kuti tizilombo tophwanya mankhwala a gulu la meropenem tapezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2015, ndipo dziko la Malawi linatulutsa yake ya zaka za 2017 mpaka 2022, yophatikiza umoyo wa anthu, ziweto ndi chilengedwe. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority loyang'anira kagulitsidwe ka mankhwala. Mu 2017 WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Gulu la Access ndi la mankhwala oyambira, monga amoxicillin, gentamicin ndi nitrofurantoin. Gulu la Watch ndi la ofunika kusamala nawo, monga ciprofloxacin, ceftriaxone ndi meropenem. Gulu la Reserve ndi losungira pamene zonse zakanika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anayerekeza kuti mu 2019 tizilombo tosamva mankhwala tinapha anthu 1.27 miliyoni padziko lonse, E. coli ikutsogolera, ndipo chiopsezo chachikulu chinali kumwera kwa chipululu cha Sahara. Mu Seputembala 2024 mayiko a United Nations anagwirizana kuchepetsa imfazi ndi 10 peresenti pofika 2030, ndi kuti 70 peresenti ya maantibayotiki operekedwa kwa anthu azikhala a gulu la Access.

Umboni wakuti kusintha n'kotheka unachokera ku Queens komweko. Kuyambira 2016, m'mawodi a achikulire munayamba kugwiritsidwa ntchito malangizo a kaperekedwe ka maantibayotiki oikidwa m'mafoni, pamodzi ndi kuunika mafailo a odwala kawirikawiri. Mwa maantibayotiki onse olembedwa kwa odwala, mankhwala a gulu la ceftriaxone anatsika kuchoka pa 80 kufika pa 54 peresenti, ndipo imfa sizinakwere. Chochititsa chidwi china ndi chakuti nitrofurantoin wa 1953 uja, m'mayiko ambiri akugwirabe pa E. coli yambiri ya ESBL. Mankhwalawa amasonkhana mumkodzo ndipo sagwiritsidwa ntchito pa matenda ena. Amathandiza chikhodzodzo chokha, ndipo si oyenera wodwala amene tizilombo tafika ku impso.

Zimene mbiriyi ikusiyira azaumoyo a ku Nachisaka

Alangizi a zaumoyo anayambira pa ntchito ya katemera wa nthomba ndi pa mliri wa kolera wa 1973, ndipo ntchito yawo yoyamba ya madzi abwino ndi zimbudzi ndi imene kafukufuku wa posachedwapa waibwezera patsogolo. Pamodzi ndi odzipereka a m'midzi, ndi iwo amene amadziwa nyumba imene muli gogo wa kapaipi, mayi woyembekezera amene wadumpha sikelo, ndi banja losunga makapusozi otsala m'kabati kudikira wodwala wina. Wodwala akafika kuchipatala, mafunso atatu amasintha chisankho cha mankhwala: kodi wamwapo chiyani m'miyezi itatu yapitayi, kodi anagonekedwapo posachedwapa, ndipo kodi ali pa bakitilimu wa tsiku ndi tsiku. Mayankho ake, dzina la mankhwala ndi mlingo wake zikalembedwa bwino m'buku la kuchipatala la wodwalayo, dokotala wa ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Kamuzu Central sabwerezanso mankhwala amene alephera kale. Wodwala amene thupi likutenthabe patatha masiku awiri kapena atatu ali pa mankhwala, amene akusanza, kapena woyembekezera amene akumva kupweteka m'mbali mwa msana, amafunika kutumizidwa tsiku lomwelo, ndipo kumene kuli labotale mkodzo utungidwe jakisoni woyamba asanabayidwe.